Ana akuphikika ndi kutentha koma dziwe losambira tilibe, tiwaseweretse bwanji ndi madzi kuseri kwa nyumba?

Amake Tadala: Moni nonse pagulu pano. Kutentha kwa masiku anoku kwandithetsa nzeru. Ndili ndi ana atatu: Tadala wa zaka 8, wapakati wa zaka 4, ndi kamzime ka miyezi 16. Ikangokwana 11 koloko m'nyumba simukhalika. Wina akulira, wina wavula malaya, wina wagona chafufumimba pasimenti ngati buluzi, kenako ndewu. Dziwe losambira tilibe ndipo sitilota n'komwe. Kuseri kwa nyumba kuli kabwalo kakang'ono, mbali ina kapinga mbali ina simenti, mpopi uli pakona. Ndimaganiza zogula bafa lalikulu lopopa lija, ndizilidzaza madzi iwo azikhala m'menemo ine ndikugwira ntchito zina. Amene munayesapo, zimathandiza? Kapena pali njira zina zosadya madzi ambiri? Bilu ya madzi nayonso ikundisowetsa tulo.

Bambo Yamikani: Amayi, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Tengani botolo la pulasitiki la malita 2, mulibowole ndi msomali wotentha timabowo 15 kapena 20 mbali imodzi yokha. Lowetsani paipi kukamwa kwake, mumange zolimba ndi mphira, n'kulikoleka pachingwe choyanikira zovala mabowo atayang'ana pansi. Tsegulani mpopi pang'ono chabe. Basi mvula yagwa. Msomali wake ukhale waung'ono, mabowo akakula madzi amangochucha ngati denga lodontha, sawaza.

Anti Mphatso: Kkkk mvula ya m'botolo. Kwathu ana anaitcha choncho ndithu.

Nachisale: Amake Tadala, mundikhululukire, ine ndakodwa pa mawu amodzi m'uthenga wanu: "ine ndikugwira ntchito zina." Pamenepo ndiye pali nkhani yonse. Ndine namwino, ndagwirapo kuwodi ya ana, ndipo ndikupemphani kuti bafa lodzaza madzi ndi mwana wa miyezi 16 musaziike pamodzi inu muli kwina. Ngakhale mphindi ziwiri.

Anthu amaganiza kuti mwana amamira m'madzi akuya okha. Ayi. Madzi ofika masentimita 5, ongobisa mphuno ndi kamwa, ndi okwanira. Mwana wa msinkhu umenewo mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi. Akawerama kusuzumira m'ndowa amagwera chamutu, miyendo m'mwamba, ndipo alibe mphamvu yodzikankha kuti atuluke. Choopsa kwambiri n'chakuti sakuwa. Simudzamva chubwi, simudzamva kulira. Kumangoti zii, inu n'kumaganiza kuti akusewera bwino.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti mu 2024 lonena kuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'chaka cha 2021, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosakwana zaka 5. Si onse anamira kunyanja kapena kumtsinje. Ambiri mwa ana aang'onowo amamira pafupi ndi nyumba pomwe.

Amake Tadala: Ii asisi, thupi langa lachita tsembwe. Koma Tadala amakhala pomwepo, ndi mwana wanzeru, amamusamala mng'ono wake.

Nachisale: Tadala ndi mwana wa zaka 8 amene nayenso akusewera. Akangoyamba kuthamangitsana ndi mnzake waiwala. Ndipo zitati zachitika, mungafune kuti mtolo umenewo ausenze iyeyo moyo wake wonse? Woyang'anira akhale munthu wamkulu, pafupi poti akatambasula dzanja amugwira mwanayo, foni ili m'thumba.

Achimwene Dalitso: Komatu tisaopsezane mopitirira. Ife tinakula tikusamba m'mabeseni popanda wotiyang'anira, si ife tili pano?

Nachisale: Muli pano inuyo achimwene. Amene sanapulumuke sali pagulu pano kuti atiuze mbali yawo.

Amake Chikondi: Ndinafuna kungowerenga osalankhula, koma ndilankhule. Chaka chatha ndinasiya ndowa yokolopera pakhonde, madzi ake osafika ngakhale theka. Ndinalowa kukatenga foni yomwe imalira kuchipinda. Pobwera ndinapeza mwana wanga wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri mutu uli m'ndowa, timiyendo tikupalasa m'mwamba. Sindikudziwa kuti panapita masekondi angati. Ndinamuzula, anatsokomola, anasanza, kenako analira. Kulira kumene kuja ndi nyimbo yokoma kuposa zonse zomwe ndinamvapo. Tinathamangira naye kuchipatala, anamugoneka usiku umodzi kuti aone mmene akupumira. Ali bwino. Koma mpaka lero ndikaona ndowa ili chilili ndi madzi, ngakhale kunyumba kwa eni, manja anga amangopita okha kukaikhuthula.

Achimwene Dalitso: Pepani amayi. Ndabweza mawu anga.

Nachisale: Munachita bwino kupita naye kuchipatala. Poti nkhani yafika apa: mwana mukamutulutsa m'madzi ndipo sakupuma, musamuzondotse kapena kumufinya mimba kuti madzi atuluke, kumeneko n'kutaya nthawi. Wina aitane thandizo, inu muyambe ndi kumuuzira mpweya kasanu, kenako kudinikiza pachifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwereza. Koma izi sizophunzira pafoni, pezani maphunziro a chithandizo choyamba mugwire chidole ndi manja anu. Ndipo mwana amene wamwera madzi n'kumatsokomolabe, kupuma mobanika kapena kungofooka, apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka.

Aphunzitsi: Ndilowepo ndi mbali ina, mwina itonthoza mtima wa Amake Tadala. Bafa lodzaza simukulifuna n'komwe kuti ana azizidwe. Chimene chimachotsa kutentha kwambiri pathupi ndi madzi akamauma pakhungu, ndiyo ntchito ya thukuta. Galamu imodzi ya madzi ikauma imatenga kutentha kokwana majoule (muyeso wa mphamvu ya kutentha) pafupifupi 2,400. Galamu yomweyo kuti ingotenthako ndi digiri imodzi imatenga majoule 4.2 okha. Mukuona kusiyana kwake? Ndiye mwana amene wanyowa, wathamanga, kamphepo kamuwomba, wauma, wanyowanso, akuzizidwa ndi timadzi tochepa kwambiri. Kukhala m'madzi kumaziziritsa ndithu, sindikukana, koma bafa losaya likakhala padzuwa ola limodzi kapena awiri madzi ake amafunda, ana n'kumangokhala mumsuzi.

Bambo Yamikani: Aphunzitsi abwera ndi choko chawo kkkk. Ndiye kuti botolo langa lija lili ndi sayansi kumbuyo kwake?

Aphunzitsi: Lili nayo, kungoti mwini wake samadziwa.

Anambewe: Koma zimenezo zimagwira kumene mpweya ndi wouma. Kumene ndimakhala ine kumatentha monyowa, thukuta kamukamu koma osauma, malaya kumamatira pamsana tsiku lonse.

Aphunzitsi: Mwalasa. Mpweya ukakhala kuti wakhuta kale chinyezi, madzi sauma msanga pakhungu. Zikatero dalirani zinthu ziwiri, madzi ozizira ongotuluka kumene pampopi, ndi malo odutsa mphepo. Komanso mthunzi. Kusewera pamthunzi ndi madzi ochepa kumaposa kusewera padzuwa ndi madzi ambiri.

Bambo Limbani: Pa nkhani ya bilu. Ine ndinayesa dala, chifukwa mayi a kunyumba ankati ndine woumira. Ndinatsegula paipi yonse m'ndowa ya malita 20, inadzaza m'masekondi 80. Ndiye kuti malita 15 pa mphindi. Ana akasewera theka la ola paipi ili chitsegulire, apita malita 450. Kwanu zikhoza kusiyana malinga ndi mphamvu ya madzi, yesani nokha muone. Kuyambira tsiku limenelo kwathu lamulo ndi lakuti masewera a tsikulo ndi ndowa imodzi. Ikatha, atha.

Ndipo ndowa imodziyo imakwana mukadziwa kuigawa. Chida chachikulu ndi siponji. Gulani masiponji otsukira mbale, opanda kokhakhala kuja, muwadule m'litali tizidutswa ngati zala, mumange tisanu ndi timodzi kapena tisanu ndi titatu pakati ndi ulusi wolimba. Kamatuluka kampira konga duwa. Akaviika n'kugendana nako, kamanyowetsa bwino, sikapweteka, sikaphulika, mawa kaliponso. Masewera ena: ndowa yamadzi uku, botolo lopanda kanthu uko, aliyense aviike siponji, athamange atainyamula pamutu, akafinyire m'botolo. Woyamba kudzaza wapambana. Pofika kumapeto madzi ambiri athera pamutu ndi pamsana, zomwe ndi zimene timafuna.

Anti Mphatso: Nanga zibaluni zothira madzi? Ana amazikonda zedi.

Bambo Limbani: Ola lathunthu mukudzaza ndi kumanga, mphindi zitatu zaphulika zonse, kenako mukuwerama kutola zidutswa pakapinga mpaka msana kuwawa. Ine ayi.

Nachisale: Ndipo pamene pali mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda, zidutswa za baluni n'zoopsa. Zikalowa kukhosi zimamatirira n'kutseka njira ya mpweya, kuzichotsa n'kovuta. Palinso zibaluni zina zamakono zodzitsekera ndi timaginito. Timaginito timeneto tikathothoka mwana n'kumeza tiwiri kapena kuposa, timakokana m'matumbo n'kubowola. Chimodzimodzi timikanda tofewa tija timafufuma tikaviikidwa m'madzi, m'mimba timafufumanso. Kwa Amake Tadala zitatu zonsezi ndingati zidikire kamzime kakule.

Amake Tadala: Ndikulemba zonse. Nanga kakang'onoko ndikapatse chiyani? Masewera othamanga sikangathe.

Anambewe: Kameneko n'kosavuta kukasangalatsa kuposa akuluwo. Kapatseni burashi yopentera ndi kakapu ka madzi, kazipenta khoma kapena simenti. Madzi akauma chithunzi chafufutika, kayambanso. Wanga ankatha theka la ola akupenta chitseko cha kuseri, nkhope ili ndwii ngati mmisiri wolipidwa. China, thireyi yosaya yokhala ndi madzi ongonyowetsa pansi, makapu, supuni yaikulu, sefa. Ana a msinkhu umenewo chimene amafuna ndi kuthira ndi kukhuthula, kuthira ndi kukhuthula. Inu mwakhala pambali pake pampando, miyendo yanu ili m'madzi, nanunso mukupumako.

Ngati muli ndi firiji, ikani tizidole tapulasitiki tokulirapo m'kontena, thirani madzi, aundane usiku wonse. M'mawa gubuduzirani chibuma cha ayezicho m'thireyi, muwapatse akuluwo madzi ofunda pang'ono, supuni ndi mchere kuti afukule zidolezo. Mchere umasungunula ayezi msanga, umasiya tinjira tokongola. Kungoti asaike mchere ndi ayezi pakhungu nthawi imodzi, zimawotcha, ndipo tizidutswa ta ayezi kamzime kasatole.

Agogo a Mwayi: Ana inu, ine ndikuwerenga zonsezi mutu ukungozungulira. Mwana tsiku lonse ali chinyowere, mawa lake chimfine, chifuwa, thupi kutentha. Ndalera ana asanu ndi awiri, ndikudziwa chimene ndikunena. Madzi ozizira ndi mwana sizigwirizana.

Nachisale: Agogo, ulemu wanu, pa kulera mumatiposa tonse pano. Koma chimfine chimabwera ndi kachilombo kochokera kwa munthu wina, osati madzi. Chimene munaonacho n'choona mbali ina: ana akasonkhana kusewera, mmodzi ali ndi mamina, amapatsirana, makolo n'kunamizira madzi. Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa kuzizidwa. Mwana wamng'ono amataya kutentha msanga kuposa wamkulu. Mukaona akunjenjemera, milomo yasintha mtundu, mano akugundana, masewera athe, mumupukute, avale zouma, ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo.

Agogo a Mwayi: Kaya. Zanu zamasiku ano. Koma m'makutu muziwapukuta.

Nachisale: Pamenepo ndiye sinditsutsa agogo. Kunja kwa khutu ndi thaulo, apendeketse mutu madzi atuluke, osalowetsamo kanthu.

Bambo Takondwa: Chenjezo langa ndi la paipi. Tsiku lina paipi yathu yakuda inagona padzuwa kuyambira m'mawa, madzi ali m'kati. Masana mwana wanga wamkulu anatsegula mpopi n'kuloza mlongo wake pamsana. Kukuwa kwake! Madzi oyambirirawo anali otentha ngati ochokera pamoto. Mwayi wake anali atavala malaya, khungu linangofiira osatuluka matuza. Tsopano woyamba kugwira paipi ndine, ndimataya madzi oyambawo pamaluwa mpaka ndimve ndi dzanja kuti azizira.

Aphunzitsi: Pamaluwa ayi bambo, mupha maluwa, tayirani m'ndowa azizire. Koma nkhani yanu ndi yoona. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, ndipo la mwana ndi lopyapyala kuposa lathu. Simenti ndi zitsulo nazonso. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pasimenti muwerenge mpaka 5. Mukalephera kupirira, phazi la mwana silingapirire.

Achimwene Dalitso: Palibe amene watchula pulasitiki yotererapo? Kuyala pepala lalitali la pulasitiki pakapinga, kuthira madzi ndi kasopo, ana n'kumathamanga kudziponya chamimba. Imeneyo ndiye mfumu ya masewera onse.

Bambo Limbani: Mfumu yodya madzi. Komanso kapinga pansi pake amapsa mukaisiya padzuwa maola angapo, ndinaphunzira ndi maso.

Aphunzitsi: Ndi yokoma kwa ana apakati, zaka 5 mpaka 12, pakapinga wofewa wopanda miyala ndi zitsa, kumapeto kwake kopanda khoma kapena mtengo, mmodzimmodzi. Pasimenti ayi. Koma inu achimwene Dalitso musayerekeze kudziponyapo. Choseweretsa chimenechi chinayamba kugulitsidwa ku America mu 1961 ndi dzina loti Slip 'N Slide, ndipo mu 1993 bungwe la boma kumeneko loona za chitetezo cha katundu, la CPSC, linachenjeza kuti akuluakulu ndi achinyamata asamatererepo. Munthu wamtali ndi wolemera akadziponya amatha kuima mwadzidzidzi, thupi lonse n'kupanikiza khosi. Ena anafa ziwalo.

Achimwene Dalitso: Lero gulu lonse landiukira ine kkkk. Chabwino, ndizingogwira paipi.

Anti Mphatso: Sopo wake samalani, wotsukira mbale amalowa m'maso ana n'kuyamba kulira onse nthawi imodzi ngati kwaya. Shampu ya ana ndiyo yabwino, madontho ochepa.

Bambo Yamikani: Pongodutsa, poti aphunzitsi ayamba mbiri. Mfuti yamadzi yotchuka ija, Super Soaker, anaipanga ndi injiniya wina dzina lake Lonnie Johnson amene anagwirapo ntchito ku NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga. Nzeru inamubwerera mu 1982 akuyesa makina ena oziziritsira kubafa kwake, madzi atathamanga mwamphamvu kuchoka pakapaipi. Ndiye musandiderere ndi botolo langa, simudziwa kumene ndikafike.

Anambewe: Mukalemera mutikumbuke. Koma kunena zoona botolo la sopo wamadzi lotha, lotsukidwa bwino, limathira patali mokwanira. Botolo lopopera lija la tsitsi kapena la maluwa ndiye labwino koposa, theka la lita limatha nthawi yaitali. Lokhalo lomwe munali mankhwala ophera tizilombo kapena bulichi musalipereke kwa ana ngakhale mutalitsuka. Lamulo la kwathu: kumaso ayi, ndipo amene wati "basi" wasiyidwa.

Mlongoti: Ine funso langa ndi lina. Bafa lopopalo ndinagula kale. Madzi ake ndingasunge masiku angati? Kutaya tsiku lililonse kumandipweteka mtima. Ndimaganiza zothiramo kabulichi pang'ono n'kuvundikira.

Nachisale: Tayani tsiku lomwelo. Mabafa amenewa alibe sefa kapena pampu ngati dziwe lenileni, ndipo mankhwala ongothira mwa diso simungadziwe ngati achepa kapena achuluka. Ana amalowamo ndi mapazi amatope, amakodzeramo, ovala matewera amasiyamo zina, kenako onse amamwako. Matewera osambira nawo aja amagwira zolimba zokha, tizilombo timadutsa. Pali kachilombo kotsegula m'mimba kotchedwa Cryptosporidium kamene kamatha masiku oposa 7 kali moyo ngakhale m'madzi othira klorini moyenera. Ndiye mwana amene akutsegula m'mimba asalowe m'madzi osewerera anzake, ngakhale alire bwanji.

Aphunzitsi: Onjezanipo udzudzu. Nyengo yotentha, kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka pamangotenga masiku 7 mpaka 10. Mtundu wa Aedes, wofalitsa matenda a dengue, umakonda madzi a m'zidebe, m'matayala, m'tizidole tosiyidwa panja. Umamata mazira ake m'mbali mwa chidebe, pamwamba pang'ono pa madzi, ndipo mazirawo amapirira miyezi ali pouma, kudikira kuti munyowetsenso. N'chifukwa chake kukhuthula kokha sikukwana, muzikwecha m'mbali ndi burashi, muumitse padzuwa, musunge chovundikira. Udzudzu wa malungo, Anopheles, umakonda kwambiri zithaphwi zapansi, ndiye yang'ananinso pamene madzi a masewerawo akukathera. Pakakhala kadambo kosauma pakona ya mpanda, mwatsegula fakitale.

Mlongoti: Ndiye madzi onsewo angopita pachabe?

Bambo Limbani: Pachabe bwanji? Musadzaze, thirani ofika m'kakolo. Akatha kusewera apatseni makeni ndi makapu athirire mitengo ndi maluwa, amenewonso ndi masewera. Otsala tsukirani njinga, kolopani khonde, thirani kuchimbudzi. Kwathu ndimaimika masewera pafupi ndi mtengo dala, kuti dontho lililonse logwa pansi likhale lothirira. Asopo okha ndiwo sindithira pamasamba odya.

Amake Chikondi: Ndipo bafa lopanda madzi lisagone panja chagada. Mvula ikagwa usiku m'mawa mupeza ladzaza, inu musakudziwa, mwana watulukira kale.

Anti Mphatso: Za dzuwa bwanji? Ine ndimamva kuti ife akhungu lakuda sitipsa.

Nachisale: Timapsa, mochedwerapo chabe, ndipo sizioneka msanga. Mwana akamadandaula kuti mapewa akuwawa madzulo, kenako khungu n'kumasupuka, kumeneko n'kupsa. Madzi amapusitsa chifukwa mwana samva kutentha pamene dzuwa likumudya. Dzuwa limaluma kwambiri kuyambira cha m'ma 10 m'mawa mpaka cha m'ma 4 madzulo, ndiye nthawi imeneyo masewera akhale pamthunzi, kapena mangani nsalu pamwamba. Chipewa, malaya, mafuta oteteza ku dzuwa a SPF (nambala ya mphamvu yake yolembedwa pabotolo) 30 kapena kuposa, kudzolanso pakatha maola awiri komanso akanyowa n'kupukutidwa. Mwana wachialubino ndiye afunika SPF 50, malaya aatali manja, chipewa chachikulu, ndipo nthawi yake yabwino ndi m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Khanda losakwana miyezi 6 likhale pamthunzi basi.

China chimene makolo timaiwala: mwana wonyowa kunja akhoza kukhala wouma m'kati. Ali m'madzi sakumbuka ludzu. Ikani botolo la madzi akumwa pomwepo, muziwaitana amwe, kuti asamamwe a m'beseni. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndi wochepa, madzi achepa m'thupi. Khanda losakwana miyezi 6 lokha musalipatse madzi, liyamwe pafupipafupi. Mwana akayamba mutu, chizungulire, nseru, kufooka, mulowetseni pamthunzi, mumuvule, mumupukute ndi nsalu yonyowa, amwe pang'onopang'ono. Koma akayamba kubwebweta, kusokonezeka, kukomoka, thupi lili moto cha m'ma digiri 40, muthireni madzi uku mukuthamangira kuchipatala.

Bambo Takondwa: Ndi mawaya amagetsi. Ndinaona kwa mnzanga atakoka waya wa sipika mpaka pakapinga ponyowa kuti ana azivina. Ndinazula ndekha osapempha.

Woyang'anira gulu: Abale, uthenga wotsatsa mabafa uja ndachotsa, malonda ali ndi tsiku lake. Komanso amene mukutumiza zithunzi za ana akusewera, onetsetsani kuti avala. Gulu lino lili ndi anthu ambiri ndipo chithunzi chikatuluka sichibwerera. Pitirizani.

Amake Tadala: Ndabweranso patatha masiku atatu kudzapereka lipoti. Bafa sindinagule. Bambo a kunyumba anapanga botolo la Bambo Yamikani, loyamba analakwitsa, anabowola ndi msomali waukulu, madzi amangoti khuthu pamalo amodzi. Lachiwiri anagwiritsa singano yokhuthala yotenthetsa, ndiye linatheka. Timatsegula mphindi zisanu, kutseka, athamange mpaka aume, kutsegulanso. Masiponji ndinadula, koma ulusi wanga unali wofooka, timipira tiwiri tinamasuka tsiku loyamba, ndamanganso ndi chingwe cha nayiloni.

Kamzime ndi burashi ndiye ukwati. Kapenta khoma, kapenta mpando, kapenta galu, kapenta miyendo yanga. Vuto limodzi, kamayamwa burashiyo, ndiye ndimathira madzi akumwa m'kapu yake.

Chimene sindinayembekezere ndi ichi. Ndinkafuna masewerawa kuti ndipeze mpata wogwira ntchito. Mpatawo ndaupeza, koma osati nthawi imene ndinkaganiza. Ola limene akusewera ndimakhala pompo, foni ndimaisiya pawindo. Akatha ndimakhuthula zonse, kuvundikira ndowa, kuwapukuta, kudya, ndiye onse atatu amagona tulo tofa nato pafupifupi maola awiri. Ntchito ndimagwira pamenepo.

Dzulo ana a pakhomo loyandikana nalo anamva phokoso, anabwera anayi. Kuwerenga mitu isanu ndi iwiri ndekha kunandikulira, ndinaitana mayi awo kuti adzakhale nane. Tagwirizana kuti wina akafuna kulowa m'nyumba azinena mokweza kuti "ndachoka, ali m'manja mwanu," mnzake ayankhe, chifukwa tinaona kuti tikakhala awiri aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana.

Nachisale: Zimenezo za kuyankhana ndazikonda, ndikawauza amayi kuntchito.

Agogo a Mwayi: Nanga chimfine?

Amake Tadala: Palibe agogo, ndipo m'makutu ndikuwapukuta monga munanenera.

Agogo a Mwayi: Tiona sabata yamawa.

Bambo Limbani: Mita ya madzi mwaiwerenga? Lembani nambala lero, mudzawerengenso pakatha masiku 7 mutiuze.

Amake Tadala: Ndalemba pakhoma la kukhitchini. Bambo Yamikani, mphira uja ukumavuka madzi akabwera ndi mphamvu, botolo linagwera Tadala pamutu. Mumamanga bwanji kuti lisamafwamphuke?

Bambo Yamikani: Bowolani chitsekero cha botololo pakati, bowo locheperako pang'ono kuposa paipi. Viikani nsonga ya paipi m'madzi otentha ifewe, muikanikizire m'bowomo, kenako mutseke chitsekerocho pabotolo. Mphira muzungulize pamwamba pongothandizira. Ndipo chepetsani mpopi amayi, mukutsegula kwambiri.